Mkamwini Uyu Sachoka

Lungwena
Nyengo ya mwera

Amayi,

Kumeneko muli bwanji? Ndafunsa chifukwa ku mishoni anatiphunzitsa kuti kalata imayamba ndi moni, musaganize kuti mtima wanga wafewa. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akuvuta. Kalata ino sidutsa ku positi, choncho palibe amene aitsegule panjira monga achitira ndi makalata ena masiku ano. Ndilemba zonse. Muli moyo simunkandilola kumaliza mau. Lero mumva mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi zazing'ono. Nyanja yakwera, yameza munda wanu wa mpunga wa kumunsi pamodzi ndi mtengo wa mango umene munkamangirirapo mbuzi. Chimanga sichinachite bwino, tikudalira chinangwa. Usipa ulipo, chambo chachepa. Chimwalirireni inu, m'banja mwathu mwabadwa ana khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo taika anthu asanu ndi mmodzi. Womaliza ndi Estere, mwana wanga yekhayo, mdzukulu wanu. Anadwala chifuwa dzinja lonse, tinapita naye kuchipatala ku boma, anabwerako ali m'bokosi. Ngati mwakumana naye kumeneko, musayambe kumufunsa za kumunda. Mulekeni apume.

Wasiya ana anayi. Wamkulu ndi Tereza, ali Sitandade 7, wamng'ono wangoyamba kuyenda. Wasiyanso mwamuna, a Lufeyo, kalipentala uja wa ku Mulanje amene anabwera kudzakhoma maboti a matabwa pagombe. Muyenera kuwakumbukira. Tsiku la chinkhoswe simunawayang'ane kumaso, munawayang'ana manja n'kunena kuti, "Uyu atigwirira ntchito." Nkhani ya kalata ino ndi ya iwowa.

Titameta, achimwene a Barnaba, mwana wanu wamwamuna yekhayo, anatumiza mau kuchokera ku Nkopola kuti Loweruka tisudzule mkamwini. Mukudziwa kachitidwe kake: timupatse kangachepe m'mbale, timuuze kuti ukwati watha, anyamule zida zake abwerere kwawo, ana ndi nyumba zitsale ndi ife. A Barnaba anawonjeza kuti, "Amayi akanakhalapo sakanachedwa." Pamenepo sananame.

Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga, chizolowezi chija munkati ndi matenda a ku sukulu. Amuna amene analowa ukamwini pamudzi pano, kuyambira kwa inu ndi abale anu kufika kwa adzukulu, alipo khumi ndi atatu. Awiri anapita ku Joni osabwerako. Mmodzi anamira. Atatu anasudzulidwa akazi awo atamwalira. Asanu munawathamangitsa inuyo ndi pakamwa panu. Otsala awiri, ndipo mmodzi wa awiriwo ndi a Lufeyo. Ndinabwereza kuwerengako kuti mwina ndalakwitsa. Sindinalakwitse.

Woyamba wa asanu aja anali abambo anga. Ndinali ndisanayambe sukulu pamene mwera unaswa bwato lawo n'kung'amba khoka. Nyengo ziwiri pakhomo panalibe nsomba zawo. M'mawa wina munatulutsa mkeka, khasu ndi nkhafi yawo n'kuziika pabwalo. Munati, "Ana ndi anga ndi a mlongo wanga. Inu munangobwera." Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndinamva. Patapita zaka, ndili kale pa mishoni, tinapita ku boma ndi anzanga. Pa doko la Shire panali munthu wa imvi akugulitsa utaka wouma. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa, "Mwana iwe, si iwe wa kwa Naphiri ku Lungwena?" Ndinavomera, ndikugwada monga timachitira kwa mlendo. Anandikulungira utaka m'pepala, ndalama anakana. Tili panjira mnzanga wina anati, "Dorika, ukudziwa kuti aja ndi abambo ako?" Nditafika kunyumba n'kukuuzani ndikulira, mukukumbukira chimene munayankha? Munati, "Nanga nsombazo zili kuti?"

Wachinayi anali mwamuna wanga, a Filipo. Atawasamutsira ku sukulu ya ku Makanjira ndinafuna kupita nawo, pakuti nanenso ndinali mphunzitsi ndipo malo analipo. Munakana. Munati mwana wamkazi sasiya munda wa amayi ake kukatsata choko. Akabwera patchuthi, atavutika ndi boti, munkawadzutsa ndi khasu kusanache, masana n'kumakaseka matuza a m'manja mwawo ndi amayi anzanu kuchitsime. Chaka chachitatu sanabwere. Anakwatira komweko. Estere ndinamulera ndekha, ndikuphunzitsa ana a eni ake, inu mukuuza aliyense kuti munandipulumutsa kwa munthu waulesi.

Sindine wopusa, Amayi. Ndikudziwa kuti nthawi yanu zinali ndi chifukwa chake. Mkazi sankasowa pokhala, ana sankasowa munda, ndipo malume ankakhala pafupi, akudziwa mwana aliyense wa mlongo wake. Nyumba inali ya mitengo ndi dothi, mwamuna akachoka inkagwa yokha. Koma taonani mmene zilili lero. A Lufeyo anaumba njerwa, kuziotcha, kukhoma malata ndi manja awo. Yunifolomu ya Tereza, makope, mankhwala a Estere, ngakhale khadi yake ya chipani kuti anyamata a chipaniwo asamubweze pamsika, zonse anali iwo. A Barnaba amagwira ntchito ku hotela ndipo ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani. Malipiro awo amathera pa ana awo a ku Nkopola. Pa zimenezo sindiwadzudzula, ndi mmene amuna akuchitira tsopano. Chimene ndikukana n'chakuti ku Nkopola akhale bambo, kuno adzakhale malume wolamula ana amene sanawagulirepo sopo. Palinso china chimene aliyense pano akudziwa. Akazi awo akudwaladwala, ndipo a Barnaba, pokhala mkamwini nawonso, akudziwa chimene chidzawachitikire kumeneko. Nyumba ya malata ija anaiona kalekale.

Loweruka linafika. Ankhoswe awiri a ku Mulanje anabwera pa lole, fumbi lili m'tsitsi. A Lufeyo anali atamanga kale sowo, pulena ndi hamala m'thumba. Sanatsutse kanthu, pakuti kwawonso mwambo ndi womwewu. Anangokhala pamkeka, mwana wamng'ono ali pamiyendo. A Barnaba anabwera ndi baji ya chipani pachifuwa, ngati kuti tikudikira alendo a ku boma. Analankhula nthawi yaitali. Anati ngakhale pamisonkhano timamva kuti mwamuna weniweni amateteza mbumba yake. Ine ndinawasiya. Mbale inaperekedwa, ankhoswe anaomba m'manja, ukwati unamasulidwa. Kenaka ndinapempha kulankhula.

Ndinati, "Achimwene, mwagwira ntchito, zikomo. Koma ndifunse. Nyumbayo ili pa dothi la yani?"

Anati, "La amayi."

"Amayi anasiyira yani?"

"Inu, mlongo. Nanga mukufunsiranji zodziwika?"

"Ine ndinapatsa Estere, Estere wasiyira Tereza. Dzina lanu silikupezekapo. Kapena mwambo umasintha denga likakhala la malata?"

Anthu ena anaseka chamumtima, ndinaona mapewa akugwedezeka. A Barnaba anati, "Mlongo, sukulu inakuonongani. Anawa ndi anga. Mwini mbumba ndine."

Ndinati, "Chabwino. Uyo ali pamiyendo pa bambo akeyo dzina lake ndani?"

Anamuyang'ana mwanayo nthawi ndithu. Anati, "Kamwanaka... si ka Estere aka?"

Ndinati, "Ndi Yohane. Ubatizo wake simunabwere, munali kokayeseza magule a amayi a chipani."

Tsopano mumve chimene chikupwetekeni. Zaka khumi ndi zitatu ine ndi a Lufeyo sitinayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira iwo ankalowa patchire, ine ndinkatembenuka. Mau athu ankadutsira mwa ana. Ndi ulemu wa apongozi, munandiphunzitsa nokha. Tsiku limenelo ndinatembenuza mkeka wanga n'kuwayang'ana pamaso pa anthu onse. Amayi, munthuyo ali ndi chipsera pachibwano, ine sindinkadziwa.

Ndinati, "Apongozi, mwamasulidwa. Mukafuna kupita, lole ibwera Lolemba, palibe akugwireni. Koma ine mwini dothi sindikukuthamangitsani. Khalani mulere ana anu."

Anayankha akuyang'ana pansi. Anati, "Amayi, ndamva. Koma kwathu alongo anga akundidikira, nawonso ali ndi ana. Chinanso, mundikhululukire, ine ndikadali mwamuna. Tsiku lina ndidzafuna mkazi. Adzakhala kuti?"

Ndinati, "M'nyumba munamangayo."

Pabwalo panaphulika. Msuweni wanga wina anaika manja kumutu, amvekere, "Mkazi wachilendo pa dothi la Naphiri! Adorika, mwapenga kodi?" A Barnaba anaimirira mwaukali ngati mmene inu munkachitira. Anati, "Mukatero, unkhoswe wa ana awa ndausiya. Tereza akadzapeza mwamuna musadzanditume. Ndipo inuyo mukadzafa adzakuikani ndi mkamwini wanuyo."

Ndinati, "Ndi kalipentala. Bokosi lidzakhala labwino."

Anakwera njinga yawo osatsazika. Asanapalase anabwerera pang'ono n'kundiuza motsitsa mau kuti ndisamale pakamwa, masiku ano anthu olankhulalankhula amasowa. Mwana wanu ameneyo, amene munkamupatsa mutu wa chambo ife tikudya mchira.

A Lufeyo sanandiyankhe tsiku limenelo. Anapempha kuti aganize, ndipo ankhoswe awo anawakokera kuseri n'kuwalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamva mmodzi akuti, "Ukhala bwanji pamudzi wa eni opanda mkazi? Udzakhala kapolo wa nkhalamba ija." Sindinakwiye nawo, anali kuteteza m'bale wawo. Lamulungu ku tchalitchi Tereza anandiuza kuti thumba la zida lija linali likadali lomanga. Mwanayo sanadye tsiku lonse. Anangondifunsa kamodzi, "Agogo, ababa akapita azidzabwera pa Khirisimasi?" Sindinamuyankhe. Yankho ndikulidziwa bwino kuposa wina aliyense pamudzi pano, ndipo wondiphunzitsa ndinu.

Lolemba m'mawa lole inaliza hutala kumsewu. Ndinaima pampanda. Anatuluka atatu, ankhoswe awiri patsogolo, a Lufeyo pambuyo atasenza katundu. Maso angawa sakuonanso patali, sindinathe kuzindikira ngati ndi chikwama cha alendo kapena thumba lawo. Anakhota pa mtengo wa mlambe, osaonekanso. Lole inanyamuka. Ndinakhalabe pomwepo, mawondo akuwawa, mpaka ndinaona munthu mmodzi akubwerera chimanjamanja. Atafika pafupi ndi mpanda anayamba kupatukira patchire monga kale, kenaka anaima, n'kubwereranso m'njira. Anavula chipewa. Anati, "Mwadzuka bwanji, amayi?" Ndinati, "Ndadzuka, kaya inu, bambo a Tereza?" Anati akupita kugombe, pali boti la eni ake lofunika kumaliza.

Musaganize kuti zatha bwino zonse. A Barnaba sanabwerenso. Mabanja atatu a pamudzi pano sakundipatsa moni, ndipo kuchitsime akuti ndagulitsa dothi la makolo. Alongo ake a Lufeyo ku Mulanje nawonso ayenera kuti akunditukwana, ndipo ali ndi chifukwa, ndawalanda malume a ana awo. Za unkhoswe wa Tereza sindikudziwa kuti tidzatani. Mkazi wobwerayo sindikumudziwa, mwina adzakhala wankhanza, mwina adzabereka ana amene adzalimbirane minda ndi adzukulu anga. Zonsezi ndaziwerengera, ndipo sindikubweza mau.

Pamanda panu ndizilimirabe chaka ndi chaka. Ndinu amayi anga, ndimakukondani, ngakhale chikondicho sichinandipatsepo tulo. Koma ndikulonjezani ichi, ndipo ndikukuuziranitu kuti mukwiyiretu: mkazi watsopanoyo akadzafika, ndidzapita naye ndekha kumunda wanu wa kumtunda, ndidzamuonetsa malire, ndidzamupatsa khasu n'kumuuza kuti alime, ndi wake.

Zatsala motere. Ndataya mlongo mmodzi ndi moni wa mabanja atatu. M'nyumba ya Estere mukugona anthu asanu, ana anayi ndi bambo wawo.

Ndine mwana wanu woyamba,
Dorika