Chithunzi cha sikweya pa thabwa la cheri

Lachinayi madzulo, ku South B, Nairobi. Tsiku lonse mtima wanga unali m'mwamba.

Matabwa a cheri wakuda amene ndikupangira tebulo ndi a Mayi Kalua a ku Runda. Amuna awo anawagula ku Amereka kuti adzapangitse tebulo lodyera, koma anamwalira asanatero. Mayiwo anandipatsa ntchitoyi chifukwa timapemphera mpingo umodzi, komanso tonse ndife a ku Malawi. Mtengo umenewu sindinauonepo pamsika uliwonse kuno ku Nairobi.

Milungu iwiri yapitayo ndinapala thabwa lapamwamba n'kulisiya pafupi ndi zenera, sikweya yanga yoyezera makona ili pamwamba pake. Lero nditaichotsa ndapeza kuti thabwa lonse lafiira moderako, koma pamene panali sikweya pali mbee, chithunzi chake chenicheni. Ndinkadziwa ndithu kuti cheri amada akamaombedwa ndi dzuwa. Ndinangoiwala basi.

Mutua, mmisiri mnzanga, anandipepesa m'Chiswahili nati, “Pole. Ingopalanso, sadzadziwa.” Koma thabwalo ndi lopyapyala kale, ndipo ndikalipalanso liwonongeka.

Masana ndinawaimbira foni mayiwo n'kuwauza zonse. Iwo anati, “A Gondwe, musalikhudzenso. Ndibwera mawa ndidzadzionere ndekha.”

Ndinawauza kuti likakhala padzuwa milungu ingapo, mtundu wake udzafanana ponseponse. Ndinanena molimba mtima ngati ndinaziyesapo, chikhalirecho ndinangozimva kwa amisiri ena. Mawa akadzandiyang'ana m'maso n'kundifunsa kuti, “Mukutsimikiza, bambo?” kaya ine ndidzati...