Sanali malungo

Achemwali,

Landirani moni, inu ndi alamu pamodzi ndi ana. Kuno ku Joni tilipo, ndipo mwana wanu Tadala akupezako bwino.

Pa foni paja ndinkangolira, ndiye lero ndikufotokozereni bwinobwino. Mwanayu atayamba kutentha thupi ndi kusanza, ndinangoti ndi malungo, monga tinazolowera kwathu. Ndinamumwetsa mankhwala a malungo aja munanditumizira pa basi, osadziwa kuti ku Rustenburg kuno malungo ndi osowa. Khosi litayamba kuuma, mayi eni nyumba yomwe timachita lendi ku Robega anandikalipira: "Mukudikira chiyani? Berekani mwanayo, tiyeni!"

Kuchipatala anamupopa madzi a pamsana n'kupeza TB ya mu ubongo. Adokotala akuti inamupezerera chifukwa chonyentchera, paja bambo ake atachotsedwa ntchito ku mgodi tinkangogonera tiyi ndi buledi. Pano akumwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo phala la nsinjiro sakusiyako. Dzulo anandilanda supuni, amvekere, "Ndidya ndekha!"

Pempho langa ndi ili. Achimwene athu aja tinkakhala nawo chipinda chimodzi anabwerera kumudziko akutsokomola. Mwina ndi amene anapatsira Tadala, ndiye chonde akayezetse TB asanayambe kunyamula ana anu. Akamakana, muwawerengere kalatayi pamaso pa amayi.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati