Mizere ya Ambuye

Amayi, kumene mulikoko mukupeza bwanji? Ndine Elube, mwana wanu woyamba, uja munkati pakamwa pake sipagona. Kuno tilipo, tikudzuka. Sindinena kuti tili bwino, poti mudandiphunzitsa kuti bodza ndi bodza ngakhale litakhala la pa malonje.

Ndiyambe ndi zokoma. Malita, mng'ono wanga, anachira mwezi wa Epulo, mwana wamkazi, mphuno yake yanu yeniyeni. Tamupatsa dzina lanu, Esitere. Vuto lake ndi loti akamalira mosalekeza timachita manyazi kumukalipira, timangoti pepani amayi, tontholani. Tadala, mwana wanga wamkulu uja, akukula ngati bango, madiresi onse amuthera m'mawondo. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi anafa ndi chitsekula, winayo ndi wakuba ngati mayi wake. Denga la khitchini linagwa ndi mphepo maliro anu atangopita, koma mkamwini wanu, amuna anga a Nyirenda, anafolera bwinobwino, silidontha ngakhale pang'ono.

Chimene chandikhazika pansi lero ndi mizere ija ya kumunsi kwa munda, cha kudambo, pamene nthaka ndi yakuda. Inu munkaitcha mizere ya Ambuye. Chikhalire changa sindidaonepo khasu likuyambira pena. Kulima tinkayambira pamenepo, kubzala pamenepo, kupalira pamenepo, feteleza akapezeka ndiye musanene. Chimanga chake sitinkachilawa ngakhale chachiwisi, chonse chinkapita kutchalitchi pa Sabata la masika. Ndili mwana ndinkadandaula kuti bwanji osawapatsa Ambuye mbali ya kumtunda kuja kwa mchenga, poti iwo sangalephere kumeretsa paliponse. Munkandiyang'ana ndi diso lanu lija, nkuti, "Ambuye sapatsidwa makombo." Ndipo mutagona pamphasa paja, mawu akutuluka movutikira, simudanene za mbuzi kapena za bulangete. Mudangondigwira dzanja nkundiuza kuti mizere ija isagone.

Amayi, munandisiyira katundu wolemera, ndikuuzeni poyera.

Chaka chathachi kuponi yanu ya feteleza inapita nanu limodzi. Makuponi anabwera ochepa m'mudzi muno, ndiye anthu anagwirizana kuti thumba limodzi tizigawana mabanja angapo. Ife tinagawana ndi a kwa Malita ndi nyumba ina ya kuseri kuja. A Nyirenda anakafola pamzere kudepoti ku Mtunthama, dzuwa likuwaphika, mpaka analipeza thumbalo. Litafika tinayeza ndi ndowa pabwalo, aliyense maso ali tong'o, kuopa kuti mnzake angapose. Gawo lathu linali loti ndinalinyamula ndi dzanja limodzi.

Mkamwini wanu mukumudziwa. Si munthu woipa ayi. Anasiya kwawo ku Kaluluma, kumene mkazi ndiye amatsata mwamuna, nkudzakhala chikamwini kuno abale ake akumuseka. Mowa samwa, dzanja sanandikwezerepo. Kungoti kutchalitchi amaonekera pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Tsiku limenelo anandipempha mofatsa kuti fetelezayo tithire ku fodya, kapena timwaze pang'onopang'ono munda wonse wa chimanga kuti phando lililonse lilaweko. Anati chaka chimodzi chokha Mulungu angamvetse. Ine ndi pakamwa pangapa ndinayankha kuti mundawu ndi wa amayi anga. Kalanga ine! Mawu amenewo sauzidwa mkamwini. Anangoti chabwino, natenga chipewa chake kupita kunazale ya fodya.

Ndinayambira kumunsi, monga munkachitira, kachitsekerero ka botolo kodzaza paphando lililonse. Pomaliza mizere ya Ambuye, ndowa inali itatsika kwambiri. Wotsalayo sanafike ndi pakati pomwe pa munda wathu. Fodya sanalawe.

Kenaka mu Febuluwale kunagwa ng'amba. Chimanga cha kumtunda chinachita chikasu, chinafota, china chinamasula ngayaye chili m'chiuno. Koma cha kudambo chija, abale! Chobiriwira bii, zitsononkho ngati mkono wa mwana. Odutsa m'njira ankaima kuchiyang'ana. Ena ankati taonani mmene Mulungu amadzisamalira yekha, ndipo sindinkadziwa ngati akuyamika kapena akunyoza. M'nyumba ufa unali utatha, tinkadalira maungu ndi phala la gaga. Tsiku lina tikuchokera kothyola nkhwani, Tadala anaima pamizere paja nkundifunsa ngati Ambuye Yesu angakwiye ndi chimanga chimodzi chokha chootcha. Amayi, inu mukadayankha bwanji? Ine ndinangomugwira dzanja nkumukoka, misozi ili m'maso tonse awiri.

Za fodya ndingonena mwachidule poti zimandipweteka. Masamba anatuluka opyapyala ngati pepala. A Nyirenda anasoka, anapachika m'chigafa, anasankha, anadinda mabelo mwaluso lawo lonse lija, koma kuokushoni anawabweza. Mapeto ake anagulitsa kwa mavenda oyenda ndi sikelo, mtengo wake wochita kukuseka pamaso. Zimene anapeza zinathera pa sopo, mchere ndi kulipira galimoto imene inanyamula mabelo obwezedwawo.

Titakolola, chimanga cha munda wathu wonse sichinafike pakati pa nkhokwe. Cha m'mizere ya Ambuye titatonola chinadzaza matumba anayi, chimanga choyera, maso ake akuluakulu. Ndinachiika m'chipinda chanu, ndipo aliyense m'nyumba muno ankadziwa masamu ake popanda kuuzidwa. Ndi chathu chokha, ufa utithera mvula isanagwe. Ndi matumba anayiwo, tikanakoka mpaka pafupi ndi chimanga chachiwisi.

A Nyirenda sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa, ndikanadziwa poyankhira. Anandiitana pansi pa chigafa masana ena, nayamba kundifotokozera ngati akufotokozera mwana wodwala. Anati pa masika anthu amabweretsa lichero, ena kambale chabe, ndipo palibe amene amawaloza chala. Anati tipereke thumba limodzi, lomwe ndi lalikulu kale kuposa la wina aliyense m'mudzi muno. Anati chimanga cha masikacho mbali ina amagulitsa kwa mavenda omwe aja anatidyera fodya, nkugula penti wa nyumba ya abusa. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zonsezo zinali zoona, amayi, panalibe bodza ndi limodzi lomwe.

Ndinapita kwa mnzanu wa pamtima, a Nabanda, aja munkakhala nawo benchi limodzi kutsogolo, ndikuganiza kuti andilimbitsa. Ha! Iwonso ananditsegulira khomo lothawira. Anati Mulungu amaona mtima, safuna kuti ana agone ndi njala, ndipereke zimene ndingathe. Ndinabwerera ndili wosokonezeka kuposa mmene ndinapitira.

Ndinapemphera masiku amenewo kuposa nthawi ina iliyonse m'moyo wanga. Poyamba ndinkaganiza kuti chikundimanga ndi dzanja lanu lija munandigwira. Ndinakukwiyirani, ndisakubisireni. Ndinkati inu mwapuma, mwandisiyira ine ana anjala ndi lonjezo lanu. Koma ndikamalowa m'chipinda muja nkuyang'ana matumba aja, ndinapeza kuti nkhani si ya inu. Pamene ndinkathira feteleza paja, phando ndi phando, pakamwa panga pankatuluka mawu akuti ichi ndi chanu Ambuye, ichi ndi chanu. Palibe anandikakamiza. Ndinapereka chimangacho chisanamere, ndisanadziwe kuti chikhala chokoma. Ndiye nditi lero, poti chabereka, ndabweza mawu? Akanakhala kuti ndi mizere yawo imene inapsa ndi ng'amba, ndikanawapititsira zinyalalazo osachita manyazi. Ndimawakonda Ambuye, amayi. Ndinazindikira mochedwa kuti ndimawakonda ndekha, osati chifukwa ndinabadwa kwa inu. Ndipo munthu amene umamukonda sumupatsa ndi dzanja limodzi lina uli kubisa kumbuyo.

Anthu ena atamva ankanditonthoza kuti kupatsa ndi kuika, Mulungu adzakubwezera mowirikiza. Mawu amenewo sindinawalandire. Inu mudapereka moyo wanu wonse, ndipo bambo adamwalira tili ang'ono, mudatilera ndi maganyu, mudapita muli ndi nsapato imodzi yokha ya kutchalitchi. Simunkaika, munkapereka. Ndinauza a Nyirenda kuti matumba onse anayi apita, ndipo ndinawauza ndikulira, chifukwa ndinalibe chowalonjeza.

Pa Sabata la masika ndinapangana ndi Malita kuti tizitapa m'madengu, tisenze pamutu maulendo angapo. Tisanayambe ndinangoona a Nyirenda akupopa njinga pakhomo. Sanandiyang'ane. Analowa m'chipinda chanu, natulutsa thumba loyamba, namanga ndi mphira pakaliyala. Mukuidziwa njira ya kutchalitchi, mchenga uja wa pa mtsinje ndi kachitunda kaja. Anakankha njingayo ulendo ndi ulendo mpaka matumba onse anafika, malaya atanyowa chee ndi thukuta. Akulu a mpingo anawaitana kuti alowe, koma anakana mwaulemu. Thumba lomaliza atalitsitsa pakhomo la tchalitchi, anandiyandikira nkunena motsitsa mawu kuti, "Amake Tadala, ine chikhulupiriro chanu ndilibe. Koma sindingalole kuti mkazi wanga asenze yekha."

M'katimo azimayi anaimba, analuluta ataona matumbawo, abusa anatchula dzina lanu. Ine ndinakhala pabenchi ngati chitsa. Ndinkaona pawindo munthu akukankha njinga yopanda kanthu kubwerera kunyumba.

Patapita masabata angapo anandiuza kuti apeza malo a utenanti pa esiteti ina ya fodya kupitirira Nkhamenya. Kumeneko bwana amapatsa matenanti chimanga mwezi ndi mwezi, nkudzadula pa fodya akagulitsa. Anati azidya pang'ono, chotsala azititumizira, ndiponso pakamwa pamodzi pakachoka pano nkhokwe ikoka. Inu mukudziwa moyo wa utenanti mmene ulili, munkawamvera chisoni anthu aja akamadutsa pamsewu ndi mphasa zawo. Munthu amene anali ndi chigafa chakechake, lero akukagona m'kachisakasa ka udzu, kulimira wina. Ndinawagwira miyendo, ndinapepesa mawu aja a munda wa amayi anga. Anati zimenezo anaiwala kale, koma ana sadya kupepesa. Anakwera lole nthawi yofesa nazale, atanyamula kachikwama ndi khasu. Njinga anatisiyira kuti tizipitira kuchigayo.

Mwezi watha kunafika kathumba ka chimanga kudzera kwa munthu wina wa kwawo. Munthuyo anati ali bwino, koma atatsala pang'ono kunyamuka anawonjeza kuti aonda ndipo akutsokomola. Chimangacho ndinakagayitsa, ana anadya.

Ndiye ndi mmene zilili, amayi. Sindikunong'oneza bondo kuti ndinapereka, ndipo atandibwezera tsiku lija ndikanaperekabe. Koma palibe anandiuzapo kuti munthu ukadzipereka kwa Mulungu ndi mtima wonse, mtengo wake ena amakulipirira. Ine ndinalonjeza, amene akuonda ndi wina. Kodi inunso zinakuchitikirani? Kodi ife tikamalira njala muja, inu kuseri munkalira ngati mmene ndikuliriramu? Munkaoneka olimba ngati mwala, ndipo sindidaganizepo zokufunsani.

Mitambo yayamba kusonkhana cha kumadzulo, anthu ali kalikiliki kuunga mizere. Za makuponi a chaka chino sitinamve kanthu, mphekesera zokhazokha.

Ndikudziwa kuti kutchalitchi amatiphunzitsa kuti sitipempha kanthu kwa akufa, ndipo sindikutsutsa. Koma inu ndinu amayi anga, ndipo muli pafupi ndi Ambuye kuposa ine. Mukawaona muwauze kuti chimanga chawo chinafika chonse, palibe chinatapidwa. Muwauzenso kuti amene anachinyamula sanalowe m'nyumba mwawo, anatsitsira pakhomo nkubwerera. Dzina lake akulidziwa. Ngati pali chimene angandikumbukire nacho pa matumba aja, asandipatse ine. Andibwezere munthu ameneyo ali moyo.

Mawa ndilawirira kumunda, ndipo ndikulonjezani kuti khasu likayambira kumunsi.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Elube