Kutupa kwa Tadala si tsempho

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, pamodzi ndi mlamu wanga amene mukufuna kumanga naye banja. Kuno ku Bangwe tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Mwana wanga Tadala anatupanso manja ndi mapazi, monga ankachitira malemu mkulu wake. Apongozi anayambiranso zonena zawo zija, zoti ndi tsempho, ine ndimayenda ndi amuna ena. Mukudziwa kuti chimwalirire mwana uja sadya ndiwo zimene ine ndathira mchere.

Kuchipatala, madokotala a kafukufuku anapempha magazi a Tadala, anga ndi a bambo ake, kuti awerenge DNA, malangizo a m'thupi amene mwana amatengera kwa makolo. Zotsatira zitatuluka ndinawatenga apongozi kuti akadzimvere okha. Dokotala anati, "Ndi matenda a magazi otchedwa siko selo. Mwanayu watengera kwa mayi komanso kwa bambo. Palibe amene analakwa."

Apongozi anafunsa, "Ndiye kuti kumtundu kwathunso aliko?" Dokotala anavomera.

Tadala wayamba mankhwala ndipo kutupa kwaphwa. Dzulo ndikuphika nyemba, apongozi anabwera ndi mchere m'manja nati, "Thirani, make Tadala." Ndinathira, koma mtima wanga unali kumanda, kwa mwana amene anapita asanalandire mankhwalawa.

Chonde achimwene, musanakwatire mukayezetse nonse awiri. Magazi anga ndi anunso, ndipo sindifuna kuti mkazi wina adzanyozedwe akulira maliro a mwana wake.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati