Mwana Wanga Asapite Kuphiri

Nsungwi, Area 25,
Lilongwe.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Kodi bondo lija likukulolani kufika kudimba, kapena mukungolimba nalo mtima monga mwa chizolowezi chanu? Ine kuno m'thupi ndili bwino. Mumtima ndiye ayi, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Ndasankha kulemba popeza pafoni sitikumvana. Ndikangoyamba kufotokoza, inu mumapatsira foni amalume a Anderson, iwo n'kuyamba kulalikira mpaka mayunitsi anga kutha. Pepala salidula mawu. Kalatayi ndapatsira Dumisani wa minibasi, ndipo musaope kuigwira: mulibe chilembo cha Chikoreya ngakhale chimodzi. Ndachita dala, kuopa kuti mungaiponye pamoto musanafike pa pempho langa.

Za kuno n'zomwe zija. Mphepo ya Ogasiti ikutidyetsa fumbi, mpopi umatulutsa madzi ukakumbukira, ndipo eni nyumba akulonjezabe kukonza denga monga analonjezera chaka chatha. Sukulu zikutsegulidwa Lolemba likudzali. Yunifolomu ya mwana wanga Chisankho ndachapa ndi kusita, ikungodikira mwini wake amene mwamusunga kumeneko.

Tsono ndiyambe poyambira, chifukwa nkhani imene yafika ku Ntchisi ilibe mutu, ili ndi mchira wokhawokha.

Mukudziwa kuti ndimachapa zofunda pa nyumba yogona alendo ku Area 47. Ndinakhoza Folomu 4, koma mpaka lero sukulu yangayo yandithandiza kuwerenga malangizo a pa paketi ya sopo basi. Pamalopo pamafikira alendo ambiri ochokera ku Koreya, ena madokotala a maso, ena okumba mijigo. Achikulire mwa iwo Chingerezi chimawavuta, akafuna madzi otentha amachita kuvina ndi manja. Abwana anatiuza kuti amene aphunzireko chilankhulo chawo amuchotsa kochapira n'kumuika polandirira alendo. Anzanga anaseka. Ine ndinayang'ana manja angawa, mmene sopo wawadyera, ndipo sindinaseke.

Amatiphunzitsa ndi Felix, mwana wa ku Kawale konkuno, amene anakaphunzira za ulimi kudziko limenelo. Timakumana Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ya pulaimale, pa timabenchi ta ana, mawondo kufika pachibwano. Ambiri ndi atsikana okonda mafilimu a kumeneko, ofuna kumva zimene mnyamata akunena asanayambe kulira. Wamkulu ndine, ndipo amanditcha anti.

Zilembo za Chikoreya ndi timizere, timabokosi ndi tozungulira ngati mphete, ndipo amazisanja ngati njerwa, china pamwamba pa chinzake. Felix akuti mutu wa munthu wamkulu uli ngati dengu, umafunika kuthiramo tsiku ndi tsiku. Ndiye anatilangiza kuti chinthu chilichonse cha m'nyumba tichimate kapepala kolembapo dzina lake. Chitseko, ndowa, mbaula, botolo la mchere, zonse tinazimata. Odula timapepalato ndi kumata ndi phala anali Chisankho, ndipo posakhalitsa ndi iye amene amandikonza ine ndikaphonya. Usatana wonse umene mwamvawo ndi umenewu.

Azakhali a Kettie atabwera kudzachotsa ng'ala, anakhala m'nyumba muno sabata yathunthu asanapite kuchipatala. Anamwa madzi a m'ndowa yomweyo, anathira mchere wa m'botolo lomwelo, n'kumayamikira kuti ndimaphika bwino. Timapepalato ankangotiona ngati timawanga toyera. Amene anawachotsa ng'alayo ndi madokotala omwe aja ndimawachapira zofunda. Atamasula bandeji, azakhali anaimba nyimbo yotamanda m'minibasi monse kuchokera kuchipatala. Kufika pakhomo, diso latsopanolo linagwa pachitseko, nyimbo n'kuthera pakhosi.

Sanandifunse kanthu. Akanafunsa, ndikanawawerengera. Koma anayamba kukana madzi a m'ndowa mwanga n'kumakapempha kwa aneba, amene amatunga pa mpopi womwewo. Safunsa anadya phula, koma phula la ulendo uno akulidya ndi mwana wanga.

Tsiku lonyamuka azakhaliwo anandipempha mokoma kuti atenge Chisankho akaone agogo ake pa holide. Ndinamulongedzera kachikwama ndi mtima woyera, n'kuwaperekeza kukakwera. Pobwerera ndinapeza kapepala ka pachitseko kulibe. Ndamva kuti kazungulira mudzi wonse, anthu akukanyamula ndi kamtengo, ndipo pano amalume akapachika mu jumbo mumtengo wa mango, kuti kasalowe m'nyumba. Pa kapepalako palembedwa kuti chitseko. Akasunge bwino, mwina kadzawathandiza akadzaiwala polowera.

Zimenezi ndikanangoseka, Amayi, pakanapanda foni imene alamu anga a Belinda anandiimbira Lachiwiri, atabisala kuseri kwa nkhokwe. Akuti Chisankho anamupeza akulembera anzake pamchenga mayina a mbuzi ndi nkhuku m'zilembo zomwezi, makolo n'kuthamangira kudzakoka ana awo ngati pagwa njoka. Akuti akafika pamjigo amayi amasuntha zidebe, ana amamukuwa kuti kasatana ka m'tauni, ndipo pakhomo panu pomwe akudyera mbale yakeyake. Akutinso amalume apangana kale ndi mneneri wa kuphiri uja, amene amasalitsa ana kudya mpaka ataulula, kuti apite naye Lamulungu.

A Belinda anamupatsa foni mwanayo. Sanalire. Anangondifunsa ngati kuli bwino angovomera kuti amauluka usiku, kuti mwina asiye kumufunsa. Mwana wa Sitandade 4, amene amaopa ngakhale kupita yekha kuchimbudzi kukada. Mwana mukamumana chakudya avomera chilichonse, avomera ngakhale kuti ndiye anamanga mvula ya chaka chatha. Akadzavomera, dzina limenelo silidzamuchoka mpaka imvi, ndipo inu mukudziwa zimene mudzi wathu umachita ndi anthu a dzina lotere.

Amalume anandiuza zoti ndichite kuti mwana abwerere: nditenthe mapepala onse, ndisiye kalasi ya Felix, ndibwere ndidzalape pamaso pa mpingo. Yankho langa ndi ili, ndipo muwawerengere pang'onopang'ono. Sinditentha kanthu, sindisiya kalasi, ndipo sindilapa tchimo lophunzira.

Achimwene a Amosi atabwera kuchokera ku Joni akulankhula Chizulu chimene palibe ankachimva, munawaphera tambala. Wailesi ya amalume ili ndi zilembo za Chitchaina kumbuyo konse, koma amagona nayo kumutu kwa bedi. Ana a Hafsah, mnansi wanga, amalemba Chiarabu chobwerera chakumanzere tsiku lililonse ku madarasa, ndipo akukula onenepa bwino. Zilembo zakhala za satana lero chifukwa wazilemba ndi Ennie, mkazi wopanda mwamuna pakhomo, amene aliyense akuganiza kuti angamuuze zochita.

Komanso chiwanda chikanakhalapo, bwenzi chikundithandiza. Mayeso oyamba a Felix ndinalakwa pafupifupi theka. Mawu ena amafuna kutulutsa mpweya, ena kuumeza, ndipo lilime langa la ku Ntchisi limaumirira kuika "u" kumapeto kwa chilichonse. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupereka moni kwa mayi wina wachikulire, dokotala, ndikumupatsa mataulo. Anasangalala, n'kundikhuthulira mawu ambirimbiri ngati chimanga chotuluka m'chigayo. Sindinatolepo ngakhale limodzi. Ndinangowerama n'kunena kamsahamnida, ndiye kuti zikomo, mpaka anapita. Mfiti yanji yolephera chonchi?

Ndipo mukanawaona anthuwa mukanati analeredwa kwathu. Chinthu amapereka ndi manja awiri. Wamkulu salankhula naye monga alankhulira ndi mnzawo, ali ndi mawu akeake aulemu, ndipo wamng'ono sayamba kudya wamkulu asanayambe. Ena mwa iwo amaimba m'mawa nyimbo zomwe timaimba ife kutchalitchi, mawu okha ndiwo osiyana. Sindikuti ndi angelo. Amadandaula za fumbi ngati ndife tinalipanga. Koma ulemu umene munandiphunzitsa inu ndi umene ukundithandiza m'kalasi kuposa Chingerezi cha kusekondale.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Sindikupempha kuti mundikhulupirire, kapena kuti mukangane ndi mlongo wanu. Ndikupempha kuti Chisankho akhale pafupi ndi inu kufikira Loweruka. Agone pamphasa panu, adye m'mbale imodzi ndi inu, ndipo wina akabwera kudzamutenga, kaya ndi wa Baibulo kaya wa ndodo, munene kuti amake akubwera. Nyumba imene akugonamo ndi yanu. Ndinakuonani mukubweza ng'ombe zolusa pa dimba ndi chitenje chokha, ndiye musandiuze kuti simungathe kuima pakhomo masiku ochepawa.

Loweruka ndikwera minibasi yoyamba ya ku Mponela, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndidzakhala nditafika. Ndikudziwa kuti amalume ndiwo mwini mbumba. Ndidzawagwadira monga mwa mwambo, ndidzawomba m'manja, ndidzamvetsera zonse zimene adzanene osawadula. Akadzamaliza ndidzadzuka, ndidzagwira mwana wanga padzanja n'kubwerera naye. Ofuna kutulutsa chiwanda adzayambe ndi ine, ndine wamkulu, njala ndimaidziwa.

Koma ndikadzamva panjira kuti afulumiza ulendo ndipo mwana ali kuphiri, sindidzafikira pakhomo panu. Ndidzafikira kupolisi, ndipo dzina loyamba kutuluka pakamwa panga lidzakhala la mlongo wanu. Sindikuopseza, Amayi. Ndikunena lero kuti mawa pasadzakhale wonena kuti Ennie anatichititsa manyazi osatichenjeza.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Amosi ndi alamu anga, ndipo a Belinda asawavutitse, anachita zimene mayi aliyense akanachita. Moni kwa amalume ndi akumpanda awo, kwa amayi aang'ono ndi ana onse. Azakhali nawonso muwapatse moni, ulemu sindinataye.

Chisankho mumuuzire pambali, inu nokha, kuti asavomere chimene sanachite. Mumuuze kuti asambe m'mawa Loweruka, avale nsapato, adikire pakhonde.

Ndine mwana wanu,
Ennie.