Galimoto Isachoke pa Chigafa

Amake Favour,

Ndathamangira ku Chulu pa njinga. Akuti makuponi a feteleza akugawa lero, ndipo matenanti awadumphanso, ngati kuti ana awo amadya fodya. Ndikufuna wowadumphayo akandiuze pamaso.

Kanyali ka ABS, kochenjeza za mabuleki, kankangoyaka m'galimoto kaja ndapeza vuto lake. Makoswe a m'chigafa anatafuna waya wa kasensa ka tayala lakutsogolo. Ndalumikiza, ndakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Koma pomasula sipanala inaterereka n'kuthyola kapaipi ka mabuleki, mafuta onse n'kuthera pansi. Kapaipi kena ndaika, tayala ndabwezera, moti poiona ikuoneka yabwinobwino. Si yabwino ayi. M'mapaipi muli mpweya, ukaponda buleki phazi likungofika pansi.

Achimwene anu a Zakeyo anati abwera masana kudzaitenga, akanyamulire matumba ku Nkhamenya. Musawapatse. Kubisa makiyi n'kosathandiza, mukudziwa kuti imalira ndi supuni yomwe, ndiye batire ndachotsa, lili kunsi kwa bedi. Akayamba zoti alamu amakokomeza, iwo ayenda pang'onopang'ono, muwauze akabwereke ngolo. Ng'ombe ukaziuza kuti ziime zimaima.

Ndikabwera mudzandipondere buleki ine ndikutulutsa mpweyawo kunsi, ndi ntchito ya anthu awiri.

Pepani, chimene ndinayala pogona pansi pa galimoto ndi chitenje chanu chakutchalitchi chija. Ndachiviika m'beseni. Zimenezo mundikalipire ndikabwera, koma batire lisatuluke.

Lucious