Tcheni Chatsopano cha Bambo Chifika Lachinayi

Takoradi, 11 Marichi 1996

Okondedwa achemwali a Pokuaa,

Landirani moni wochokera kuno kudoko. Kodi muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga bondo lija linaphwa? Ife kuno tili bwino, kungoti mwana wathu Serwaa anali ndi chifuwa, koma chayamba kuchepa.

Ndisananene zina, pali zinthu zitatu zoti tigwirizane. Lachinayi lino lole ya a Frimpong yonyamula koko itsitsa katundu wanga pamphambano, ndipo wolandira mukhale inuyo, osati Bambo. M'katundumo muli chitini chomangidwa ndi waya, chimenecho chisalowe m'nyumba ya Bambo. Ndipo mukangowerenga kalatayi mupite kwa azakhali a Konadu. Khalani pansi ndikufotokozereni.

Mukukumbukira pa Khirisimasi Bambo atagwetsa kapu ya tiyi, n'kunena kuti inali yoterera? Sinali yoterera. M'mawa wotsatira ndinawapeza kuseri akuwotha manja, zala zitatuwa, akuzimenyetsa pabondo kuti dzanzi lichoke. Ndinawafunsa, anandiyankha kuti munthu wophunzira amaona matenda ngakhale pamwala. Nditabwerera kuno ndinafunsa adokotala a kuntchito kwathu. Iwo anati zimenezo zimabwera ndi kunjenjemera kwa sowo ya injini, munthu akaigwira zaka zambiri, ndipo zala zotere zimatha kutaya chinthu mwiniwake osadziwa. Achemwali, sowo ya Bambo ine ndikainyamula msana umalira, chonsecho ndine wamng'ono kwa iwo ndi zaka makumi atatu.

Choncho ndawagulira ina. Ndinazungulira masitolo onse a kumsika kufunsa, mpaka mayi Quansah ogulitsa makina anayamba kundiseka. Akuti ngakhale wofunsira mbeta safunsa mafunso ngati anga, kodi ndikufuna sowo kapena ndikufuna kulemba mayeso. Koma anandithandiza. Anandinyamulitsa ziwiri, imodzi ngati ya Bambo, ina yocheperako, n'kuti nditambasule manja ndione imene iyambe kundigonjetsa. Ndinasankha yocheperako. Zogwirira zake zili ndi mphira wochepetsa kunjenjemera, chingwe cholizira n'chofewa, ndipo ili ndi buleki yoimitsa tcheni sowo ikamenya theche. Mpeni wake ndi waufupi, ndiye chipika chachikulu ayenera kuchicheka mbali iyi kenako mbali inayo. Ntchito idzachedwa. Ndikudziwa kale kuti adzaitcha sowo yodulira nkhuni za kukhitchini.

Nkhani yaikulu ili pa tcheni, ndipo ndi chimene chili m'chitini. Kutsogolo kwa dzino lililonse la tcheni kuli kachitsulo kotumphuka, koletsa dzinolo kuluma mtengo mozama. Ndi timene Bambo amati apolisi, poti akuti timaimitsa munthu panjira popanda mlandu. Inu mukudziwa zimene amachita. Tcheni chatsopano chikangofika amatenga tupa n'kupala apolisi onse mpaka pansi, kuti sowo idye msanga. Ali ndi mphamvu zimenezo zinkatheka, chifukwa sowo ikadumpha ankaibweza ndi manja. Chimene ndagulachi ndinachisankha chifukwa cha apolisi omwewo, ngaatali bwino, opangidwira kuti sowo isadumphire kumaso. Akawapala, ndiye kuti ndawatumizira ngozi yatsopano m'malo mwa yakale.

Katunduyo ndinapereka kwa a Frimpong Loweruka m'mawa, mtima uli m'malo. Lamulungu kunafika amalume a Dapaah, amene abwera kudzaonetsa maso kuchipatala ndipo ndi amene akupatseni kalatayi. Tikudya fufu anayamba nkhani, akuseka. Akuti mwezi watha kumunda kwa a Boadu sowo inamenya theche, n'kudula chipewa cha Bambo kuchokera pamphumi mpaka pakhutu, chipewa chili kumutu. Akuti Bambo anachitola, n'kuchiyang'ana, n'kunena kuti chinali chakale kale, ndipo madzulo anagulira anzawo uchema kuti nkhaniyo isafike kwa inu. Kodi inafika? Ine ndinasiya kudya. Amalume anandimenya paphewa, amvekere idya mphwanga, bambo ako anabadwa ndi mitu iwiri, wina anasungitsa.

Anandiuzanso za mtengo wa odumu umene unagwa kumtunda kwa munda wa koko. Akuti Bambo analonjeza akatekisiti pamaso pa mpingo wonse kuti matabwa a denga la tchalitchi acheka okha mvula isanayambe, ndipo ayamba Lachisanu lino. Anachita kulumbira chifukwa cha Asamoah, wocheka matabwa wa kutsidya uja, amene anawauza pamaliro kuti agogo pumani, sowo yanu yakalamba ndipo inu mwaiposa. Bambo akuti anamuyankha kuti iwo ankacheka odumu mayi ake akadali kusukulu, ndipo matabwa ake okhotawo ngoyenera khola la mbuzi. Anthu anaseka, koma mawu analowa. Odumu mukuudziwa kulimba kwake, ndipo wagwera pamalo otsetsereka.

Apa ndi pamene ndinawerenga masiku n'kuona cholakwa changa. Lole idutsira ku Kumasi, ifika kwanuko Lachinayi. Lachinayi nthaka imapuma, palibe wopita kumunda kapena kuthengo. Bambo ngakhale ndi mkulu wa mpingo tsiku limenelo saliswa. Amakhala pampando wawo pansi pa mtengo wa malalanje, tupa m'manja, kunola chilichonse chimene chili ndi mano. Pa masiku onse a sabata, ine ndatumiza tcheni kuti chifike pa tsiku lomwe ali ndi nthawi yochipala dzino ndi dzino, mawa lake n'kupita nacho ku odumu. Ndinathamangira kumene amaimika malole, koma a Frimpong anali atanyamuka. Ndinapempha tchuthi, abwana anakana. Akuti zingwe zonse za makina okweza katundu m'sitima ziyenderedwe mwezi usanathe, ndipo wosaina ndine. Sindingafike kumeneko mpaka Pasaka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Katundu mulandire nokha, chitini mukatsekere m'bokosi lanu la nsalu. Sowo yokha awone, aigwire, aiseke mmene angafunire. Tcheni akachilandire m'manja mwa azakhali a Konadu. Padziko pano munthu amene Bambo amamuopa ndi mlongo wawo wamkuluyo, ndipo chimene alonjeza pamaso pake sachibweza. Azakhali awalonjezetse ziwiri: kuti tupa akhudza mano okha, apolisi ayi, ndi kuti buleki saichotsa ngakhale wina awanyoze. Muwafotokozere azakhali za chipewa, osabisa kanthu. Ndikudziwa kuti Bambo adzapsa mtima kuti tawaulula, koma walira mvula walira matope.

Musawauze kuti akalamba, mawu amenewo ndi amene atifikitsa pano. Muwauze kuti mpingo ukufuna matabwa oongoka, ndipo tcheni chodya pang'onopang'ono chimacheka mosalala. Zimenezo n'zoona, sindikukupemphani kunama. Ndiponso Lachisanu alamu apite nawo, aime kumtunda kwa chipika, osati kumunsi, ndipo akaona Bambo akukutumula zala awauze apume.

Akakana kulonjeza, tcheni chikhale m'bokosi. Koma pamenepo adzanyamula sowo yakale, ndipo ichi ndi chimene chikundisowetsa tulo. Zikafika potero, alamu amasule pulagi ya sowo yakaleyo, sipanala yake ili m'thumba lachikopa lopachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo pulagiyo muisunge inu. Kutauni ya Goaso akhoza kukagula ina, koma ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mwina mtima ungatsike panjira. Ndikudziwa kulemera kwa zimene ndikupempha. Mwana sagwira zida za bambo wake, ndipo mudzi wonse udzamva. N'chifukwa chake munene poyera kuti walamula ndine Ntim, muwaonetse ndime ino ngati akukayika. Inu ndi alamu mumakhala nawo, musasenze mlandu wanga. Akanena kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo, ndivomera. Kuli bwino anditukwane akundiloza ndi dzanja lathunthu.

Mundiperekere moni kwa Mayi, koma za chipewa muwauze Lachisanu litadutsa, mtima wawo mukuudziwa. Moni kwa alamu a Gyamfi, kwa azakhali, kwa ana anu onse, ndi kwa akatekisiti. Mayi ake a Serwaa akupereka moni, aikamo nsomba zouma m'katundumo, zili pansi pa sowo, muzichotse msanga zisanunkhe petulo.

A Frimpong adzadutsanso pamphambano Loweruka m'mawa pobwerera kuno. Chonde muwapatse yankho, ngakhale mizere iwiri pa pepala la m'kope la mwana. Mundiuze ngati alonjeza, ndipo mundiuze ngati Lachisanu madzulo abwera kunyumba ndi miyendo yawo. Ine Lamulungu ndidzakhala pamalo oimika malole kudikira.

Ndine mlongo wanu,
Kwabena Ntim